Mutu 6: Nsomba Yofuna Chilimwe

Amene angoyamba kuweta nsomba za mtundu wa Nothobranchius m'thanki yagalasi amabwera ndi dandaulo limodzi: "Ndalakwitsa pati? Chaka sichinathe koma nsomba yafa kale." Kawirikawiri pa nsombayo sanalakwitsepo kanthu. Analakwitsa tsiku lotsuka thanki, pamene anakhuthulira kuseri kwa nyumba timatope ta pansi tija. M'timatopemo ndi mmene munali mbewu yonse.

Nsomba zimenezi, zomwe zili m'gulu la killifish, si za m'nyanja kapena m'mitsinje ikuluikulu. Kwawo ndi m'zithaphwi za m'madambo, makamaka pa dothi lakuda la makande, zimene zimadzaza m'dzinja n'kuuma gwa m'chilimwe. Ndi zakwathu konkuno. Nothobranchius kirki imapezeka m'madambo ozungulira nyanja za Chilwa ndi Chiuta, ndipo akatswiri anaipatsa dzinali mu 1969. Ya m'zigwa za m'mbali mwa nyanja m'chigawo chapakati, cha ku Salima ndi Nkhotakota, inadziwika kuti ndi mtundu wapawokha mu 2013 n'kutchedwa Nothobranchius wattersi. Ku Beira, m'dziko la Mozambique, kuli rachovii, imene yaimuna yake imaphatikiza mtundu wa buluu ndi wa lalanje mochita kuthobwa m'maso. Ku Gonarezhou, m'Zimbabwe, kuli furzeri. Anthu a ku Ulaya amatumizirana mazira a nsombazi pa positi, ife tikuzipondaponda popita kumunda.

Chithaphwi chikauma, nsomba zonse zazikulu zimafa, kapena mbalame zimazitola madzi asanatheretu. Chotsala ndi mazira okwiririka m'matope. Dzira lililonse n'laling'ono, pafupifupi milimita imodzi, koma khungu lake n'lolimba, ndipo kamwana kali m'katimo kamatha kuima kukula n'kudikira. Asayansi amawerenga malo atatu pamene kakulidweko kangaimire: poyambirira penipeni, pakati thupi litayamba kuumbika, ndi kumapeto kansomba katakwanira kale, kakungodikira madzi. Poti chithaphwi sichikhalitsa, nsombayi imachita zonse mothamanga. Furzeri kutchire imatha kuyamba kuikira mazira itangokwanitsa masabata awiri, ndipo m'thanki imakalamba n'kufa m'miyezi yochepa, mwakuti ofufuza za ukalamba amaiweta m'malabotale. Mitundu ina, monga guentheri ya ku Zanzibar, imafika chaka. Kwa woyamba ndimalimbikitsa guentheri yomweyo: ndi yopirira, mchira wake ndi wofiira psu, ndipo mazira ake sachedwetsa.

Tiyeni tsono titsate ndondomeko. Thanki ya malita 30 kapena 40 ndi yokwanira yaimuna imodzi ndi zazikazi ziwiri kapena zitatu. Amuna awiri m'kathanki kakang'ono amang'ambana zipsepse, ndipo yaikazi ikakhala yokha yaimuna siipatsa mpata wopuma. Ikani chivindikiro. Madzi akhale a madigiri 22 mpaka 25. A pampopi ayambe agona m'ndowa kuti klorini achoke. Sabata iliyonse sinthani gawo limodzi mwa magawo atatu. Izi n'zimene buku lililonse la nsomba lingakuuzeni.

Chimene mabuku ambiri amangochidutsa ndi chakuti woweta nsomba imeneyi ntchito yake yaikulu ndi kupanga chilimwe. Pansi pa thanki pasakhale mchenga kapena miyala, apo ayi mazira amwazikira pamene simungawatole. Tengani kachitini kapulasitiki ka majarini, boolani bowo lalikulu pachivindikiro chake, muikemo peat (dothi la zomera zoolerana) kapena coco peat, unga wa makoko a kokonati umene amagulitsa ofesa mbande. Muyambe mwauwiritsa ndi kuutsuka, ndipo onetsetsani kuti mulibe feteleza. Ikani kamwala kuti chitini chimire. Nsomba zimachipeza zokha. Yaimuna imafungatira yaikazi ndi zipsepse zake, kuikanikizira pa peat, zonse n'kunjenjemera pang'ono, dzira limodzi n'kulowa pansi. Zimatero kangapo pa tsiku, tsiku ndi tsiku.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, tsanulirani peat mu kaukonde, mumufinye ndi dzanja, mumuyale pa nyuzipepala kwa maola angapo. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ena mbali iyi ena mbali inayo. Wina akamva mawu oti "kuumitsa" amakayanika padzuwa mpaka peat achite fumbi, mazira n'kupsa. Wina amachita mantha n'kumanga m'thumba madzi akuchucha, mazira n'kuola. Makande a kudambo amang'aluka pamwamba, koma pansi chinyontho chimatsalira. Peat woyenera amamveka m'manja ngati fodya wofewa bwino pa tsiku lomanga: wachinyezi, wosaphwanyika, koma ukamufinya satulutsa dontho. Mumuike m'thumba lapulasitiki muli kampweya pang'ono, mumange, mulembepo dzina la nsomba ndi deti, musunge m'kabati mwamdima mosatentha kwambiri. Osati pansi pa malata mwezi wa Okutobala.

Za kulembazi ndionjezepo. Oweta amalemba dzina limodzi ndi malo amene makolo a nsombazo anagwidwa, monga "rachovii Beira 98". Si kunyada ayi. Zazikazi za mitundu yosiyana zimafanana kwambiri, zonse zotuwa, ndipo mukasakaniza mudzapeza tiana tosabereka kapena tosadziwika mtundu, timene palibe angatilandire.

Guentheri imafuna miyezi iwiri kapena itatu m'thumba. Rachovii imatha kudikiritsa miyezi isanu ndi kuposerapo. Koma musadalire kalendala yokha, chifukwa kutentha kumafulumizitsa ndipo kuzizira kwa Juni kumachedwetsa. Tsegulani thumba, fufuzani dzira pa kuwala. Mukaona timaso tiwiri takuda tozunguliridwa ndi mkombero wonyezimira ngati golide, nthawi yakwana. Thirani peat m'beseni, muthiremo madzi ozizirirapo okuya masentimita ochepa. Pasanathe tsiku tiana timakhala tikusambira. Mukafulumira kapena kuchedwa kwambiri, tina timalephera kudzaza kathumba ka mpweya ka m'mimba, n'kumangokwawa pansi moyo wake wonse.

Ndipo mukawola tianato, peat uja musataye! Si mazira onse amaswa pa madzi oyamba. Kudambo kumagwa chizimalupsa, chithaphwi n'kudzaza masiku atatu n'kuumanso. Akanaswa onse pamenepo, mtundu ukanatha kalekale. Choncho ena amatsalira dala. Finyaninso, sungani masabata awiri kapena atatu, nyowetsaninso. Nthawi zina ulendo wachiwiri umatulutsa tiana tambiri kuposa woyamba, ndipo wachitatu sukhala wopanda kanthu.

Tiana timabadwa ndi njala. Kuyambira tsiku loyamba timadya brine shrimp (kachilombo kakang'ono ka m'madzi amchere) wongoswa kumene, choncho muyambe kuswetsa mazira ake m'botolo la madzi amchere dzulo lake. Dyetsani kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo tokula msanga muzitipatula, chifukwa timameza tinzake. Zazikulu sizikonda chakudya chouma cha m'mapaketi; zimafuna chamoyo kapena cha mufiriji, monga tinyongolotsi tofiira ta m'matope ndi mphutsi za udzudzu. Mphutsizo kawoleni kumene zili kale, muzipereke tsiku lomwelo. Musatchere ndowa pakhomo kuti udzudzu uswane, mungadyetse nsomba n'kugoneka banja ndi malungo.

Matenda amene amavutitsa kwambiri nsombazi ndi velvet, tizilombo tooneka ngati fumbi lachikasu pakhungu. Nsomba imapinda zipsepse n'kumadzikhula ku galasi. Oweta ambiri amateteza ndi mchere, supuni yaing'ono imodzi pa malita asanu, ndiponso posasiya zakudya zotsala kuti ziolere m'madzi. Amene akufuna kukawola kirki kapena wattersi kudambo ayambe wafunsa ku ofesi ya zausodzi za chilolezo, atenge zochepa, ndipo nsomba zochokera kwina asazitayire m'chithaphwi cha kwawo.