N'chiyani chimakoka munthu kuti ayende ulendo?

Akuluakulu amati kuyenda n'kuona. Moyo wa Ibn Battuta ukutionetsa zinthu zinayi zimene zimachotsa munthu pakhomo.

Choyamba ndi chikhulupiriro. Mu 1325, ali ndi zaka 21, ananyamuka kwawo ku Tangier, m'dziko la Morocco, kukachita Hajj ku Makkah. Chachiwiri ndi ludzu la maphunziro: ali m'njira, anaima ku Damascus n'kumaphunzira kwa masheikh. Chachitatu ndi ntchito. Ku Delhi, Sultan Muhammad bin Tughluq anamuika kukhala qadi, woweruza milandu. Chachinayi ndi chidwi chofuna kuona malo achilendo, chimene chinamufikitsa ku Mombasa, Kilwa, mpaka ku China.

Koma ulendo uli ndi mtengo wake. Pobwerera ku Morocco mu 1349, anapeza bambo ndi mayi ake onse atamwalira.

Ophunzira amene mumalota za ku Joni, mtima wofuna kuyendawo si wolakwika. Koma taonani chimene chinkamutsegulira makomo mwamunayu kulikonse: maphunziro a malamulo amene ananyamula m'mutu. Malizani kaye sukulu, mapepala aulendo akhale oyenera, ndipo makolo adziwe kumene mukupita.