Kusiyana kwa "Kuwombola" ndi "Kulanda" pa Mayina a pa Intaneti

Dzina la malo a pa intaneti, monga lothera ndi .com, siligulidwa kwamuyaya. Limabwerekedwa kwa chaka chimodzi kufikira zaka 10. Nthawiyi ikatha, olemba ndi akonzi asathamangire kunena kuti dzina "lafa", popeza silitayika tsiku lomwelo.

Malinga ndi malamulo a bungwe la ICANN, lomwe linakhazikitsidwa mu 1998, dzina likafufutidwa mwini wake amapatsidwa masiku 30 oti alitengenso polipira ndalama zoonjezera. Mawu oyenera apa ndi "nthawi yowombola", monga momwe munthu amawombolera katundu wa chikole. Pakapitanso masiku 5, dzinalo limaperekedwa kwa aliyense woyamba kulilembetsa.

Mpata umenewu ndi womwe amaudikira anthu ogwira mayina ndi cholinga chokawagulitsa pa mtengo wokwera. Pofuna kuchepetsa mchitidwewu, ICANN inakhazikitsa ndondomeko ya UDRP mu 1999, yolola mwini chizindikiro cha malonda kulanda dzina lomwe wina analembetsa mwachinyengo.

Choncho mawu awiriwa asasokonezedwe: kuwombola ndi ufulu wa mwini wakale, pomwe kulanda kumadza ndi chigamulo.