Ntchito ya Alonda a Nyama Zakutchire

Alonda a nyama zakutchire, amene kumudzi amangodziwika kuti a gemu, ndi anthu olembedwa ntchito yoteteza nyama ndi mitengo m'nkhalango zosungidwa ndi boma. M'Malawi muno nkhalangozi zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, koma zina boma limaziyendetsa mogwirizana ndi bungwe la African Parks: Majete kuyambira 2003, ndipo Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015.

Gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kuyenda pansi. Kagulu ka alonda kamalowa m'tchire katasenza ufa, madzi, tenti, mfuti ndi wailesi yolankhulirana, n'kukagona komweko masiku angapo. Chimene amasaka kwambiri ndi makhwekhwe, misampha ya waya yomwe opha nyama mozemba amatchera m'njira zopita kumadzi. Khwekhwe sasankha. Wotchera amafuna mbawala kapena njati, koma waya umakola ngakhale chitamba cha njovu, ndipo nyama zambiri zimaolera pomwepo mwini msampha asanabwere. Ku Liwonde kokha alonda aonjola misampha yoposa 30,000 chiyambire 2015.

Luso lenileni la mlonda lili m'maso ndi m'makutu. Amayang'ana phazi n'kudziwa nyama imene yadutsa ndi kumene yalowera. Amakhudza ndowe za njovu kuti adziwe ngati zikadali zofunda. Akamva anyani akukuwa modzidzimuka amadziwa kuti pafupi pangakhale kambuku kapena munthu. Asanayandikire chipembere amawaza phulusa kapena fumbi kuti aone kolowera mphepo, popeza nyamayi siona patali koma imanunkhiza ndi kumva kwambiri. Nzeru zimenezi ndi zomwe alenje akale ankaphunzitsa ana awo, ndipo m'midzi yambiri zinatha pamodzi ndi nkhalango. Mnyamata kapena mtsikana wokulira m'tauni akalowa ntchitoyi amayamba ngati mlendo m'dziko lake lomwe, n'kumaphunzira pang'onopang'ono kusiyanitsa mombo ndi msuku, kulira kwa nsadzu ndi kwa mbalame zina. Masiku ano makina a GPS ndi makolala ovekedwa m'khosi mwa nyama amathandiza kulondola kumene zili, komabe woona ngati nyama yavulala kapena yaswa ndi munthu amene wafika pamalopo.

Si onse amene amanyamula mfuti. Ena amayendera mpanda wamagetsi n'kukonza pomwe paduka, ena amalambula misewu yotchinga moto wolusa m'chilimwe, pomwe madokotala a nyama ndi ofufuza amadalira alonda kuti awatsogolere. Anthu onsewa anagwirira ntchito limodzi mu 2016 ndi 2017, pamene njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, komwe zinali zitatsala zosakwana 100.

Zoopsa zilipo zambiri: njati yovulala, ng'ona za mu Shire, kashembe, malungo, ndi anthu a mfuti. Koma cholemera kuposa zonsezi ndi chakuti wogwidwa ali ndi nyama kapena makala nthawi zambiri amakhala munthu wa m'mudzi woyandikana nawo, wosauka, amene mwina njovu zinamudyera chimanga chaka chomwecho. Lamulo limene linakonzedwanso mu 2017 limalola kuti wolakwira nyama zotetezedwa kwambiri akakhale kundende mpaka zaka 30, koma ndende payokha siteteza nkhalango. N'chifukwa chake mlonda wabwino amatha kukhala pansi ndi mafumu, kuthamangira kumunda njovu zikatuluka, ndi kulola anthu kumweta udzu kapena kupachika ming'oma ya njuchi pamene malamulo alola.

Zipatso za ntchitoyi zimaoneka bwino ku Majete. Nkhalango imene inatheratu njovu ndi zipembere inalandiranso zipembere mu 2003, njovu mu 2006 ndi mikango mu 2012, ndipo nyama zonsezi zaswana.