Bango la M'mitsinje ya ku Luwani: Kulizindikira ndi Malo Ake

Munthu woyenda m'dera la Luwani, m'boma la Neno, m'mwezi wa Okutobala amaona dziko louma ndi lotentha, koma m'mphepete mwa mtsinje wa Lisungwi ndi timifuleni take muli mzere wobiriwira wosafota. Mbali yaikulu ya mzerewo ndi bango, chomera cha dziko lino chimene akatswiri amachitcha Phragmites mauritianus.

Ambiri, ngakhale ophunzira amene, amasokoneza bango ndi nsenjere, pakuti zonse ziwiri zimatalika kupitirira munthu ndipo zimamera moyandikana. Kusiyana kwake kumaoneka pothyola phesi. La bango lili ndi mphako pakati pa mfundo zake, pamene la nsenjere ndi lodzaza. Tsamba la bango ndi louma gwa, nsonga yake imabaya ngati singano, monga amadziwa mwana aliyense amene anathamangitsako mbuzi kudambo. Ngayaye zake ndi zotambalala, zofewa, zoweramira mbali imodzi. Za nsenjere zimafanana ndi mchira wa mphaka. Gumbwa ndiye sangasokoneze munthu, popeza phesi lake lili ndi mbali zitatu, lilibe mfundo, ndipo iye amafuna madzi okhazikika monga a ku Elephant Marsh kuchigwa cha Shire.

Bango silitero. Limakonda mchenga ndi matope a m'gombe, kumene madzi amasefukira m'dzinja ndi kuphwera m'chilimwe, malinga ngati pansi pali chinyezi. Chotero pamene laima, okumba chitsime sataya thukuta pachabe.

Phindu lake lalikulu lili kumene maso saona. Mizu yake imayanga pansi ndi kulukana ngati mphasa imene amaluka ndi mapesi ake, ndipo imagwira dothi kuti lisagumuke. Alimi akalitentha ndi kulizula kuti atsegule dimba mpaka m'madzi, gombe limadyeka chaka ndi chaka, ndipo dimba lomwelo ndilo limayamba kupita. Dothilo silithera pomwepo. Lisungwi amathira mu Shire, mtsinje umene wakhala ukupereka magetsi kuyambira 1966 pamene anatsegula makina a ku Nkula, ndipo matope odzaza m'madamu a pa mtsinjewo amachepetsa madzi oyendetsa makina.

Kumweta sikulipha, pakuti limaphukanso kuchokera kumizu. Chimene chimalitha ndi khasu. Alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi angachite bwino kulongosola kusiyana kumeneku, chifukwa woluka mphasa sayenera kudzudzulidwa pamodzi ndi wozula zitsa.