Mutu 7: Mfuti, Apolisi ndi Malire a Dziko

Munthu wokhala ku Matema, kutsidya la mtsinje wa Zambezi mu mzinda wa Tete, amakhala m'mphepete mwa msewu wopita ku Moatize ndi ku Zóbuè, kumene dziko la Mozambique likomana ndi la Malawi. Ndipo ngakhale sadapondepo ku Maputo, kumene aphungu 250 a Nyumba ya Malamulo amakhalira pansi kuweruza za dziko, zimene akuluakuluwo amakangana zimamupeza pakhomo pake. Pakuti chigawo cha Tete chazingidwa ndi maiko atatu, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo zipata zake, monga Zóbuè, Calómuè, Cassacatiza ndi Cuchamano, ndizo zimene katundu, alendo, othawa nkhondo ndi zida zomwe zakhala zikudzera kuyambira kale. M'mutu uno tifotokoza nkhani zitatu zimene zavutitsa aphungu chiyambire chisankho cha zipani zambiri mu 1994: ya mfuti, ya apolisi ndi ya malire, ndipo tidzaona kuti palibe imodzi ingathe popanda zinzake.

Tiyambe ndi mfuti, pakuti m'dziko muno mfuti ili ndi mbiri yakeyake. Pa mbendera imene idakhazikitsidwa mu 1983 pali buku, khasu ndi mfuti ya AK-47. Ndipo mu 2005, pamene kudaitanidwa zojambula za mbendera yatsopano, aphungu a chipani chotsutsa cha Renamo adanena kuti dziko lamtendere siliyenera kuonetsa chida chophera anthu pamaso pa mitundu yonse, koma a chipani cholamula cha Frelimo, amene adali ochuluka m'Nyumbamo, adayankha kuti mfutiyo ndi chikumbutso cha nkhondo imene idabala ufulu wa pa 25 June 1975, ndipo mbendera idatsala monga idaliri. Wina angayese kuti udali mkangano wa nsalu chabe, koma pansi pake padali funso lalikulu lomwe silinathe mpaka lero, lakuti kodi mfuti ya boma ndi ya mtundu wonse kapena ya chipani chimene chidapambana.

Nkhondo yapachiweniweni, imene idayamba mu 1977, idatha pa 4 October 1992 pamene Joaquim Chissano wa boma la Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo adasaina pangano la mtendere ku Rome. Anthu a ku Tete akukumbukira masiku amene magalimoto a katundu ankayenda mondondozana kuchokera ku Zóbuè kukafika ku Nyamapanda asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza, ndi pamene anthu oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi. Nkhondo itatha, gulu la United Nations lotchedwa ONUMOZ lidasonkhanitsa zida pafupifupi 200,000, koma zambiri mwa izo sizidaonongedwe. Ndipo popeza mbali zonse ziwiri zidali zisanakhulupirirane, zida zina zambirimbiri zidakwiriridwa m'nkhalango ndi m'mapanga, aliyense akumati mwina mawa zidzafunikanso. Zida zimenezo sizidagone nthawi yaitali, pakuti zidayamba kupezeka m'manja mwa achifwamba ku Johannesburg, ku Blantyre ndi ku Lusaka, kufikira maiko oyandikana adazindikira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chifukwa chake mu 1995 apolisi a Mozambique ndi a South Africa adayamba ntchito yotchedwa Rachel, yofunafuna nkhokwe za zida ndi kuziphulitsa pomwepo. Ndipo chaka chomwecho Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, pamodzi ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dzikomo, adayamba njira ina yofatsa, yotengera ulosi wa mneneri Yesaya: munthu wobweretsa mfuti sadali kufunsidwa kumene adaitenga, koma adali kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata, ndipo mfutiyo idali kudulidwa nthawi yomweyo. Amisiri ena adaumba zifanizo ndi zidutswa zake, ndipo mpando wopangidwa ndi mfuti zotere uli m'nyumba yosungiramo zakale ya British Museum ku London. Mu 2001 maiko a SADC adasaina ku Blantyre pangano loletsa kufalikira kwa mfuti, ndipo mu 2007 nduna za boma la Mozambique zidatulutsa lamulo la zida ndi zipolopolo, lakuti munthu wamba asakhale ndi mfuti popanda chilolezo cha apolisi.

Apa ndipo nkhani ya mfuti ilowa m'nkhani ya apolisi, pakuti lamulo likati wopereka chilolezo ndi wolanda mfuti ndi wapolisi, munthu wanzeru afunsa kuti wapolisiyo amvera yani. Pangano la ku Rome lidakonza kuti gulu latsopano la asilikali likhale la anthu 30,000, theka ochokera ku boma ndi theka ochokera ku Renamo, koma silidagawe apolisi motero. Ndipo polisi ya dziko, Polícia da República de Moçambique, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo kumapeto kwa 1992, idatsala m'manja mwa boma lolamula. Kuyambira pamenepo mawu a mbali ziwirizi sadasinthe kwenikweni. A boma ankati m'dziko limodzi simungakhale magulu awiri onyamula zida, ndipo chipani chokhala ndi aphungu m'Nyumba ya Malamulo sichiyenera kusunganso asilikali kuthengo. Otsutsa ankati sangatule zida pamene apolisi akuoneka ngati dzanja la chipani, makamaka pa nthawi ya chisankho. Mbali iliyonse idali ndi choonadi chake, ndipo n'chifukwa chake mlanduwo sudathe msanga.

Ndipo mlandu suola. Mu 2013 mfuti zidaliranso m'chigawo cha Sofala, ndipo mu 2015 ndi 2016 moto udafika ku Tete komwe, m'maboma a Moatize ndi Tsangano, kotero kuti anthu oposa 10,000 adawolokera ku Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi, ndipo pambuyo pake ambiri adasamutsidwira ku msasa wa Luwani ku Neno. Pa 6 August 2019 Filipe Nyusi wa boma ndi Ossufo Momade wa Renamo adasaina pangano lina ku Maputo, ndipo asilikali a Renamo oposa 5,000 adatula zida, msasa wao wotsiriza ndi kutsekedwa ku Gorongosa mu June 2023. Koma funso lidabweranso pa khomo lina: chifukwa cha zigawenga zimene zidayamba kupha anthu ku Cabo Delgado mu October 2017, Nyumba ya Malamulo idavomereza kumapeto kwa 2022 kuti anthu a m'midzi otchedwa Força Local anyamule zida mothandizana ndi asilikali a boma. A boma adati anthuwo akuteteza midzi yao, ndipo otsutsa adaopa kuti mfuti yoperekedwa lero chifukwa cha mantha idzavuta kuilanda mawa. Chisankho cha October 2024 chitatha, pamene mabungwe oima paokha adawerenga anthu oposa 300 ophedwa pa zionetsero, ambiri ndi zipolopolo za apolisi, dziko lidafunsanso kuti wolondera anthu amlondera ndani. Pajatu khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Tsopano tifike pa malire. Mzere wolekanitsa Mozambique ndi Malawi, wautali pafupifupi makilomita 1,500, udachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891, limene lidadula pakati Achewa, Angoni ndi Amang'anja popanda kuwafunsa. Kotero kuti pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu womwewo ndiwo malire m'malo ena, ndipo munthu alima tsidya lino, agulitsa mbatata tsidya lija, naika maliro a amalume ake ku Angónia. Malire otere sangatsekedwe ndi mpanda, ndipo phungu wofuula kuti atsekedwe ayenera kukumbukira kuti njira zimene mbava idzera ndi zomwezo zimene zidapulumutsa makolo athu pa nthawi ya nkhondo. Komanso woti malire alekedwe osayang'anira akumbukire tsiku la 24 March 2020, pamene pa sikelo ya magalimoto ya Mussacama, m'boma la Moatize, mudapezeka mitembo 64 ya anthu a ku Ethiopia m'kontena ya galimoto yochokera ku Malawi, amoyo ndi kungotsala 14. Anthuwo sadafe chifukwa chosowa lamulo, pakuti malamulo adalipo. Adafa chifukwa malonda ozembetsa anthu apeza njira paliponse pamene maso atsinzina, kapena pamene dzanja latambasuka kulandira chiphuphu.

Tikasonkhanitsa zonsezi tipeza kuti lamulo la mfuti liyenda ndi miyendo ya wapolisi, ndi kuti chipata cha m'malire chilimba monga mwa kukhulupirika kwa woima pamenepo. Munthu atula mfuti pamene wakhulupirira kuti wonyamula mfuti ya boma adzamteteza iye ndi mdani wake mofanana. Ndipo mfumu ya m'malire iulula mlendo wokayikitsa pamene idziwa kuti mawu ake sadzagulitsidwa kwa mlendoyo. Chikhulupiriro chotere chimangidwa ndi zinthu zooneka: malipiro okwanira a wapolisi, kaundula woona wa zida za boma, bwalo lolanga wolakwa ngakhale atavala yunifolomu, ndi Nyumba ya Malamulo yofunsa nduna mopanda mantha. Inu owerenga, kaya muli ku Matema, ku Mwanza kapena ku Chipata, phungu akadzabwera kudzapempha voti, mufunseni zimene wachita pa zinthu zinayi zimenezi, pakuti iye ndi wantchito wanu, ndipo ayenera kuyankha.