Kuphunzitsa Nyimbo M'kalasi Lopanda Zoimbira

Tikamba za kaphunzitsidwe ka nyimbo m'makalasi oyamba, kuyambira Giredi 1 kulekeza Giredi 4, ndipo maso athu ali pa sukulu za ku Ng'ombe, komboni yoyandikana ndi Roma mumzinda wa Lusaka. Zimene tikambe zithandizanso aphunzitsi a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, pakuti mavuto a sukulu za m'madera amenewa ndi ofanana.

Kuchokera mu January 2022, pamene boma linachotsa malipiro m'sukulu zake, ana ambiri amene ankakhala pakhomo analowa sukulu. Ichi ndi chinthu chokondweretsa, koma makalasi anadzaza. Mphunzitsi akaima pamaso pa khamu la ana, alibe ng'oma, alibe limba, alibe ngakhale buku la nyimbo, amayesedwa kuti nthawi ya nyimbo aipereke ku masamu. Potero ana amataya phunziro limene limanola khutu, limakometsa katchulidwe ka mau, ndi kuwazoloweza kuchitira zinthu pamodzi. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Khutu limene silinaphunzitsidwe paubwana limavuta kuliwongola pambuyo pake.

Mwana sabwera chimanjamanja

Mfundo yaikulu ya nkhani yathu ndi iyi: mwana wa ku Ng'ombe amafika pa sukulu ali ndi nyimbo kale. Amaimba podumpha chingwe, amamva kwaya ya ku tchalitchi, amamva amayi akutonthoza khanda, ndiponso amamva nyimbo za pa wailesi ndi za pa foni. Popeza anthu a m'komboni anachokera ku zigawo zosiyanasiyana za Zambia, kalasi limodzi likhoza kukhala ndi ana odziwa nyimbo za Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chinsenga ndi Chisoli. Buku loyamba la mphunzitsi wa nyimbo ndi anawo.

Chotero mlungu woyamba musaphunzitse nyimbo yatsopano iai. Pemphani ana kuti akuimbireni nyimbo za m'masewera ao. Lembani m'kope dzina la nyimbo iliyonse, chilankhulo chake, ndi masewera amene imayendera. Pakutha kwa mwezi mudzakhala ndi nyimbo zokwanira temu yonse, ndipo mwana wamanyazi amene sanayankhepo funso m'kalasi adzakhala ataphunzitsako anzake kanthu.

Yambani ndi thupi

Mwana amamva kugunda kwa nyimbo m'thupi asanakumvetse m'mutu. Tulukani nao panja, aime mozungulira, ndipo aponde pansi pamodzi, kumanja, kumanzere, mosafulumira. Mapazi akagwirizana, onjezani kuomba m'manja.

Maina a malo amene ana amawadziwa ndiwo chida chabwino. Ng'o-mbe ali ndi maphatikizo awiri, Ma-te-ro ndi Cha-wa-ma ali ndi atatu, pamene Ka-li-nga-li-nga ali ndi asanu. Ana atchule dzina akuomba m'manja kamodzi pa phatikizo lililonse. Kenaka inu muombe osatchula kanthu, iwo anene dzina limene mwaomba. Masewera amenewa amathandizanso pa phunziro la kuwerenga, chifukwa mwana amene wamva maphatikizo ndi manja ake savutika kuwapeza pa bolodi.

Ana a Giredi 3 ndi 4 akhoza kupita patsogolo. Gawani kalasi pawiri, ndipo onse awerenge mokweza kuyambira 1 mpaka 6 mobwerezabwereza. Gulu loyamba liombe pa 1, 3 ndi 5. Gulu lachiwiri liombe pa 1 ndi 4. Poyamba adzasokonezana, koma akazolowera adzamva kuti kugunda kutatu ndi kugunda kuwiri zikuyendera limodzi, kukumana pa 1. Kalukidwe kameneka kamamveka m'ng'oma zambiri za kuno ku Afrika, ndipo ana adzakazindikira akakamva pa mwambo kapena pa ukwati.

Kaphunzitsidwe ka nyimbo yatsopano

Makolo athu anali ndi njira yophunzitsira khamu lalikulu: mmodzi amatsogolera, ena onse amavomera. Ndi mmenenso nthano zimayendera, pamene omvera amayankha kuti "tilitonse" ndi kulandira kanyimbo ka m'kati mwa nthanoyo. Njira imeneyi ndiyo yoyenera kalasi lodzaza. Imbani nyimbo yonse kawiri ana akumvetsera. Fotokozani tanthauzo la mau ake. Aphunzitseni mbali yovomera poyamba, inu mukutsogolera. Pambuyo pake sankhani mwana mmodzi atsogolere, ndipo tsiku lililonse akhale wina.

Samalani ndi poyambira nyimbo. Mau a ana ndi okwera ndipo safika patali. Aphunzitsi ambiri, makamaka abambo, amayambira pansi kwambiri, kotero kuti ana amangong'ung'udza. Njira yapafupi ndiyo kupempha mwana woimba bwino kuti ayambitse, inu mutsatire. Kumbukiraninso kuti kufuula si kuimba. Ana akafuula samvana, ndipo pakhosi pamasasa. Auzeni kuti aliyense aimbe motero kuti athe kumva mnzake wa pambali pake. Musauze mwana aliyense kuti alibe mau oimbira. Mukhazikeni pakati pa anzake awiri oimba molondola, ndipo khutu lake lidzatsatira pang'onopang'ono.

Pali chinthu china chofunika kwa ife olankhula Chinyanja. M'chilankhulo chathu kukweza kapena kutsitsa mau kumasintha tanthauzo. Liu loti "mtengo" limalembedwa mofanana, koma mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika timazitchula mosiyana. Nchifukwa chake nyimbo zamakolo kawirikawiri zimakwera ndi kutsika motsatira kalankhulidwe. Ana akamapeka kanyimbo kao, ayambe alankhula mauwo momveka bwino, amve pamene akukwera ndi pamene akutsika, ndipo maimbidwe achokere pamenepo.

Nanga zilembo za d, r, m, f, s, l, t zimene timaziona m'mabuku a makwaya? Njira imeneyi, yotchedwa tonic sol-fa, inafalitsidwa ku England ndi John Curwen m'zaka za m'ma 1800, ndipo inafika kuno kudzera m'sukulu ndi m'matchalitchi a mishoni. Ndi yothandiza, koma ibwere pambuyo. Mwana amalankhula asanadziwe kulemba. Momwemonso aimbe asanaone zilembo. Kwa ana a Giredi 1 ndi 2 nkokwanira kukweza dzanja mau akamakwera ndi kulitsitsa akamatsika.

Zoimbira zopanga tokha

Zambiri zimene zimatayidwa m'komboni zikhoza kulira. Tizitsekerero ta mabotolo, titaphwanthidwa ndi kuboola pakati ndi msomali, timalowetsedwa ku waya nkukhala maseche. Chitini chokhala ndi timiyala kapena chimanga chouma ndi chisekese. Chigubu chopanda kanthu, chitagadamizidwa, ndi ng'oma. Chitini cha saladi, thabwa ndi waya zimapanga banjo, monga amapangira anyamata. Kuboola ndi kudula zitini ikhale ntchito ya mphunzitsi kapena ya ana okulirapo, ndipo m'mphepete monse mwakuthwa mupindidwe.

Ana asaganize kuti zoimbira zotere nzonyozeka. Oimba kalindula, nyimbo zimene zinachokera ku chigawo cha Luapula, anayamba ndi mabanjo opanga okha pamodzi ndi babatoni, choimbira chachikulu cha nsambo cholira mau aakulu.

Phunziro lokoma kwambiri ndi la mabotolo. Ikani mabotolo asanu ofanana pa tebulo, muthiremo madzi mosiyanasiyana, ndipo muwagogode ndi supuni. Botolo la madzi ambiri limalira mau otsika, chifukwa madziwo amalemetsa galasi kuti linjenjemere pang'onopang'ono. La madzi ochepa limalira mau okwera. Ana awandandike kuyambira lotsika kufika lokwera. Kenaka afotokozereni kuti silimba ya Alozi imatsata lamulo lofanana: thabwa lalitali ndi lalikulu limalira pansi, lalifupi limalira pamwamba. Ndi mmenenso zilili ndi timano ta kalimba.

Chenjezo ndi ili. Mabotolo ndi zigubu zotoledwa zitsukidwe ndi sopo zisanalowe m'kalasi, ndipo chigubu chimene munali mankhwala chisagwiritsidwe ntchito. Choimbira choika pakamwa, monga chitoliro kapena wezulo, chisapatsiranidwe. Tonse tikukumbukira kuti mu January 2024 sukulu zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo makomboni a Lusaka anavutika kwambiri.

Simufunika zoimbira zokwanira mwana aliyense. Tiyerekeze kuti kalasi lili ndi ana 80. Agaweni m'magulu anai: lina liimbe, lina liombe m'manja, lina liponde pansi, ndipo lina ligwire zoimbira. Nyimbo ikatha magulu asinthane. Gwirizanani za chizindikiro chimodzi choletsera phokoso, monga kukweza manja onse awiri, ndipo muchiyeseze mpaka ana atachizolowera.

Kumvetsera ndi kusunga nyimbo zathu

Ana aphunzirenso kukhala chete ndi kumvetsera. Aimbireni nyimbo ya pa wailesi kapena pa foni kwa mphindi ziwiri, ndipo muwafunse: mwamva zoimbira zingati? Akutsogolera ndani? Nyimboyi ndi yachisoni kapena yachimwemwe?

Auzeninso za anthu amene anasunga nyimbo za dziko lino. Alick Nkhata, amene anabadwa mu 1922 ndi kumwalira mu 1978, anagwira ntchito yojambula nyimbo zamakolo pamodzi ndi Hugh Tracey, ndipo pambuyo pake anatchuka monga woimba ndi muulutsi wa pa wailesi ku Lusaka. Msewu wodutsa pafupi ndi Kalingalinga umatchedwa ndi dzina lake. Bungwe la UNESCO nalonso linazindikira magule a kuno monga chuma cha anthu onse: Gule Wamkulu ndi Makishi mu 2005, gule wa Mooba wa Alenje mu 2018, ndi Budima wa Atonga mu 2020.

Koma si nyimbo iliyonse yamakolo imene ili yoyenera m'kalasi. Nyimbo za ku dambwe ndi za kuchinamwali zili ndi eni ake ndi nthawi yake. Mukakayika, funsani akuluakulu a mtundu umenewo. Bwino koposa nkuitana agogo amodzi a m'komboni, mwa chilolezo cha ahedi, kuti adzaphunzitse ana nyimbo ya masewera kapena ya pamtondo ndi kufotokoza mmene ankaimbira kumudzi.

Dongosolo la phunziro limodzi

Phunziro la mphindi 30 likhoza kuyenda motere. Mphindi 5 zoyamba ndi za kuponda ndi kuomba m'manja. Mphindi 10 zotsatira ndi za nyimbo yatsopano. Mphindi zina 10 ndi za magulu ndi zoimbira. Mphindi 5 zotsiriza ndi za kumvetsera, kapena kuimba motsitsa nyimbo imene ana aidziwa kale, kuti abwerere ku maphunziro ena mitima ili pansi. Poyesa ana, musadalire mafunso olemba. Onani ngati mwana akutha kusunga kugunda kwa nyimbo, kubwereza mzere umene mwaimba, ndi kuyembekezera nthawi yake yolowera.

Tsono ana inu, nayi ntchito yanu. Madzulo ano mukapemphe amayi, atate, agogo kapena achibale ena kuti akuphunzitseni nyimbo imodzi imene ankaimba ali msinkhu wanu. Mukafunse chilankhulo chake, kumene inachokera, ndi tanthauzo lake, ndipo mawa mukaimbire aphunzitsi anu. Inunso aphunzitsi, konzani kope lija, ndipo uzani ana ayambe kusonkhanitsa tizitsekerero ta mabotolo.