Madzi Akabiriwira Ngati Penti, Kuwiritsa Sikuthandiza

Ife amene timayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa zaumoyo tili ndi mawu amene tawabwereza mpaka ana anawaloweza: wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo klorini. Malangizo amenewa anapulumutsa ambiri pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sitikuwabweza. Koma alipo madzi ena oipa amene moto ndi klorini wa pakhomo sizingawakonze. Tikunena madzi a padamu, padziwe kapena m'mbali mwa nyanja amene abiriwira ngati wina wakhuthuliramo penti.

Kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ikafika Okutobala ndi Novembala zitsime zambiri zimaphwa, ndipo pamjigo ndowa zimandanda kuyambira mbandakucha. Amayi ena akatopa ndi kudikira amalowera kudamu. Ana amasambira komweko, ng'ombe ndi mbuzi zimamwanso pomwepo. Tsoka lake, imeneyi ndiyo nyengo imene madzi achepa, afunda ndipo angoima, ndiye kuti ndere zapoizoni zapeza pochulukira.

Si ndere zonse

Ndere zimene tinazizolowera, zangati ulusi zomera pamiyala ya mumtsinje, sizikhala ndi poizoni. Zimene tikuchenjezanazi ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria. Akachulukana amayandama pamwamba ngati thovu kapena utoto wobiriwira, mphepo n'kuwakankhira kugombe, kumene timatungira. Mitundu ina imatulutsa poizoni woononga chiwindi, ina wogwira mitsempha. Munthu akasamba m'madzi otere thupi limayabwa, maso amafiira. Akamwa amasanza, kutsegula m'mimba ndi kumva mutu. Galu, mbuzi kapena mwana wa ng'ombe akhoza kufa tsiku lomwelo.

Kuwiritsa kumapha mabakiteriyawo koma poizoni amatsala, ndipo akaphulika ndi moto amakhuthulira m'madzi yense amene anali m'kati mwawo. Kusefa ndi kansalu nakonso sikumuchotsa. Bungwe la WHO limalangiza kuti poizoni wotchedwa microcystin asapitirire gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a gilamu pa lita imodzi ya madzi amene munthu amamwa tsiku ndi tsiku. Mlingo wotere sitingauone ndi maso kapena kuumva pa lilime.

Zaoneka kale kwa anzathu

Mu 2020 njovu zoposa 300 zinafa kumpoto kwa Botswana, ndipo boma la kumeneko linati zinamwa madzi okhala ndi poizoni ameneyu. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa ku nyanja ya Chivero ku Zimbabwe, kumene mzinda wa Harare umapopa madzi ake. Ku America, mu Ogasiti 2014, anthu pafupifupi 400,000 a mumzinda wa Toledo anauzidwa kuti asamwe madzi a pampopi ochokera m'nyanja ya Erie, ndiponso kuti asawawiritse.

Nyanja yathu ya Malawi ndi yakuya ndipo madzi ake akadali oyera poyerekeza ndi nyanja zimenezi. Komabe kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri amene ankafufuza ku Senga Bay anaona ndere za mtunduwu zikuchuluka pafupi ndi pamene mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja, ndipo anachenjeza za dothi ndi chonde zimene mitsinje ikubweretsa kuchokera kumtunda.

Kumtundako ndi kwathu kuno. Nderezi zimadya zimene chimanga chimadya. Feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, manyowa a m'khola, zotuluka m'chimbudzi chokumbidwa pafupi ndi dambo, zonsezi mvula ikazikokolola zimakagwera m'damu la m'mudzi mwathu. Zotsala zimatsika ndi Lingadzi kulowera ku Salima, kapena ndi Bua kulowera ku Nkhotakota. Mitsinje yochokera m'mapiri a Ntchisi imathiranso m'nyanja ya Chia, kumene kumachokera nsomba zina zimene timagula pamsika. Feteleza amene tinamugula modula akakokoloka timaluza kawiri: chimanga chaonda, madzi aipa.

Maso athu ndiwo chipangizo

Maiko ena amayeza nyanja zawo m'malabotale ndi kuziunika ndi zithunzi za setilaiti. Padamu la m'mudzi mlonda ndi amene wafika ndi ndowa. Tisanatunge tiyambe tayang'ana. Kodi madzi asintha mtundu? Kodi pali thovu lobiriwira kugombe, fungo la zoola, kapena nsomba zakufa?

Tikakayika, tiviike ndodo. Ikatuluka ndi ulusi wolendewera, kawirikawiri zimakhala ndere wamba. Ikatuluka ngati yapakidwa penti, tichokepo. Njira ina ndi kutunga madziwo m'botolo loonekera, manja titavala jumbo, n'kulisiya pamthunzi pozizira usiku wonse. Zobiriwirazo zikadikha pansi mwina ndi ndere wamba, koma zikasonkhana pamwamba tizione ngati zapoizoni. Njira ziwirizi sizitiuza kuchuluka kwa poizoni, zimangotichenjeza, choncho madzi okayikitsa tingowasiya.

Madzi otere tisamwe, tisaphikire, tisatsukire mbale kapena ndiwo zamasamba. Ana asasambiremo, ziweto zikamwe kwina. Amene walowamo asambe msanga ndi madzi abwino, ndipo akayamba kusanza kapena kufooka apite kuchipatala akafotokoze kumene anasamba. Nsomba zotola zitafa kale tisadye, ngakhale zitakhala zaulere. Zazikulu tizichotsa matumbo ndi chiwindi, pakuti poizoni amaunjikana m'menemo. Kenako tidziwitse mlangizi wa zaumoyo ndi amfumu kuti mudzi wonse umve. Ngakhale thovulo litabalalika ndi mphepo, tisathamangire kubwererako, chifukwa poizoni amakhalabe m'madzi kwa masiku angapo.

Pali malo ena amene nkhaniyi imatikhudza ngati mpingo. Ubatizo wathu ndi womiza, ndipo m'madera ambiri umachitikira padamu kapena padziwe m'chilimwe. Madikoni akaone madziwo Lachinayi kapena Lachisanu, ndipo aonenso m'mawa wa Sabata, chifukwa nderezi zimatha kusonkhana usiku umodzi. Atsogoleri a achinyamata opita nawo ana kunyanja achitenso chimodzimodzi.

Ntchito yaikulu ili kumunda, mvula isanagwe. Tikonze akalozera, tibzale vetiva m'malo otsetsereka, tileke kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndipo feteleza tizikwirira. Khola ndi chimbudzi zikhale kutali ndi dambo. Mjigo ukaonongeka tisonkhe msanga ndalama zokonzera, pakuti mayi amene wapeza madzi pamjigo safunikanso kukaima pa gombe la damu n'kumaganiza ngati atunge kapena asatunge.